Za ku Joni, gawo 14: bilu ya alamu anga

Moni nonse kulikonse komwe mukumvera, ku Mayfair, Rosettenville, Diepsloot, Cosmo City, ndi inu akumudzi amene mumadikira bandulo ya usiku kuti mutsitse pulogalamuyi, takulandirani. Mukamva phokoso kumbuyoku ndi mateksi, ndikujambulira mu galimoto ya kuntchito nthawi ya lanchi nde mundikhululukire. Sabata yatha sindinatulutse kanthu ndipo ena mwakhala mukufunsa pa WhatsApp kuti achimwene kwagwanji, akugwirani kapena? Ayi ndili bwino, ndinali kuchipatala ndi alamu anga, amuna a mchemwali wanga, ndipo nkhani ya lero ndi imeneyo.

Alamuwa amagwira ya mugadeni cha ku Randburg, nyumba zitatu pa sabata. Anayamba kudandaula m'mimba Lachiwiri. Mukudziwa mmene timachitira ife kuno, ukadwala suyamba waganiza za chipatala, umayamba kuwerenga tsiku lomwe utaye, poti ganyu ukajomba palibe akulipire. Nde anangogula Panado ndi Eno pa spaza (kagolosale) nkumapitabe kuntchito. Lachinayi zitavuta anapita kwa dokotala wa pulayiveti wapakona paja, R450 kungowaona basi, anawabaya jekiseni nkuwapatsa kalata kuti zikapitirira athamangire kuchipatala chachikulu. Iwo kalata ija anapinda nkuika m'thumba, m'mawa mwake nkukatchetcha kapinga. Loweruka cha m'ma 11 usiku mchemwali wanga akundiimbira akulira, akuti achimwene bwerani, bambo a mwanawa akulephera ngakhale kuongoka.

Tinafika pachipatala cha boma, dzina sinditchula. Pawindo potsegulitsa fayilo anatifunsa pasipoti, atangoona kuti ndi ya Malawi munthu uja anati uyu ndi wakunja, amalipira zonse, yambani mwapereka dipoziti ya R5,000. Usiku umenewo, pakati pa mwezi, munthu ali chopindika pabenchi thukuta lili kamukamu. Ine m'thumba munali R700. Ndinachonderera, ndinalankhula Chizungu changa chonse ndi Chizulu chomwe, osatheka. Amene anatipulumutsa ndi nesi wina wachikulire amene amangodutsa, anawagwira pamimba alamu aja, iwo nkukuwa, mayi aja osafunsanso za pepala lililonse anangoitanitsa wilitcheya. Inali apendikisi ndipo inali itaphulika kale. M'bandakucha anawachita opaleshoni. Madokotala ndi manesi amene anagwira ntchito usiku umenewo ndimawathokoza ndi mtima wonse, anthu aja amagwira ntchito ali ochepa komanso otopa, ndinaona ndi maso anga.

Koma chomwe chikundiwawa mpaka lero ndi pawindo paja. Malamulo aakulu a dziko lino, gawo 27, amanena poyera kuti munthu aliyense asakanizidwe thandizo la chipatala pa ngozi kapena matenda adzidzidzi. Akuti aliyense, sanati nzika zokha. Sakunena kuti ndi zaulere ayi, bilu imabwera pambuyo ndipo kwa ife inabweradi, koma kumuimika munthu amene akufa kuti ayambe wapereka ndalama nzosaloledwa. Komanso zipatala za boma kuno zili ndi magulu a kalipiridwe, H0, H1, H2, H3, kutengera zomwe munthu amapeza. Wopeza zochepa amalipira zochepa. Alamu anga pa mwezi akapeza kwambiri ndi R4,000, koma palibe anawafunsa kuti mumalandira zingati, pasipoti yokha ija inatha nkhani. Ndipo mukafunsa anzathu amene anagonekedwapo, wina akuuzani kuti analipira pang'ono, wina anamutchaja zambirimbiri pa matenda ofanana, zimangotengera kuti pawindo wapezapo ndani tsiku limenelo. Pa Shoprite buledi ali ndi mtengo wolembedwa, pa renki ya teksi umadziwa kuti kukafika ku Bree ndi zingati usanakwere, nanga bwanji kuchipatala mtengo umaudziwa utatuluka kale?

Ndiye akumudzi ena anandilembera kuti inu muli ku Joni bwanji osangolowa medical aid ngati mmene ena aliri pa MASM kuno. Abale anga, medical aid kuno si ya aliyense. Dziko lili ndi anthu opitirira 60 miliyoni koma amene ali pa medical aid ndi pafupifupi 9 miliyoni basi, ambiri mwa eni dziko omwe alibe. Malipiro otsikitsitsa ovomerezeka omwe anakhazikitsidwa mu March 2025 anali R28.79 pa ola, nde muwerengere nokha, uchotse lendi, thiransipoti, chakudya, ya Mukuru yotumiza kwa amayi, itsala yoti ulipire sikimu mwezi ndi mwezi? Ndipo ukalowa sikuti mawa lake wayamba kuthandizidwa. Atha kukudikiritsa miyezi 3, ngati unali kale ndi matenda monga shuga kapena BP atha kukudikiritsa miyezi 12 pa matenda amenewo, ndipo ukalowa utapitirira zaka 35 usanakhalepo pa sikimu amakuwonjezera chilango pa ndalama yapamwezi. Ambiri a ife tinabwera kuno tili akuluakulu kale.

Ngakhale amene ali nayo akulira. Abwana anga aakazi kuntchito amalipira masauzande mwezi uliwonse, chaka chatha anachitidwa opaleshoni ya bondo kupulayiveti, patapita masabata kunabwera bilu ina ya dokotala wogonetsa uja, ina ya dokotala wa mafupa, chifukwa madokotalawo amatchaja kuposa mtengo womwe sikimu imalipira ndipo yotsalayo ndi yako. Kuti uthane nazo akuti ugulenso ina yotchedwa gap cover, ndiye kuti inshuwalansi pamwamba pa inshuwalansi inzake. Mayi aja anakhala muofesi ndi mapepala ali mbwee patebulo akuimba foni tsiku lonse. Mu 2019 bungwe loona za mpikisano pa malonda la Competition Commission linatulutsa lipoti la kafukufuku wa zipatala za pulayiveti, ndipo linapeza kuti mabedi ambiri ali m'manja mwa makampani atatu okha, Netcare, Mediclinic ndi Life Healthcare, mpikisano ndi wochepa, mitengo ikungokwera ndipo odwala sapatsidwa uthenga wokwanira kuti asankhe bwino. Nde si ife tokha amene tikuona.

Chenjeraninso ndi timapulani totchipa timene amatigulitsa m'mamolo ndi pafoni. Ine ndinalipirapo R189 pa mwezi kwa chaka chathunthu ndikuganiza kuti ndili pa medical aid. Tsiku lomwe mwana anadwala ndi pomwe anandiuza kuti iyi imangokupatsa kandalama pa tsiku lililonse lomwe wagona m'chipatala, kuyambira tsiku lachitatu, dokotala ndi mankhwala sizikukhudza. Zinandipweteka kwambiri chifukwa ndalama imeneyo ndimaichotsa pa chakudya cha ana. Musanasayine funsani kuti kodi iyi ndi medical scheme yolembetsedwa ku Council for Medical Schemes, bungwe loyang'anira ma medical aid, kapena ndi inshuwalansi wamba, ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Tsopano za NHI, lamulo la inshuwalansi ya zaumoyo ya dziko lonse, poti ambiri mumafunsa. Pulezidenti Ramaphosa anasayina lamuloli pa 15 May 2024, kutatsala masabata awiri kuti kuchitike chisankho. Ganizo lake ndi loti pakhale thumba limodzi la dziko lonse lolipirira chithandizo, olemera ndi osauka azithandizidwa mofanana, ndipo ine ganizo limenelo ndimagwirizana nalo, sindibisa. Koma silinayambe kugwira ntchito mokwanira, milandu ili kukhoti, mabungwe a madokotala ndi a medical aid akulitsutsa. Ndipo ife tiwerenge bwino gawo lotikhudza. Nzika, amene ali ndi chilolezo chokhaliratu ndi othawa kwawo ovomerezeka ali mkati. Koma amene akudikira mapepala a asylum ndi amene alibe mapepala, lamulo likuti azithandizidwa pa zadzidzidzi ndi pa matenda opatsirana amene boma limawalondola monga TB basi, kupatula ana, iwo onse akuyenera kulandira chithandizo choyambirira. Apa mpamene ine ndimaona kuti sanaganize mofatsa. Munthu wa BP ukamukaniza mapiritsi otchipa ku kiliniki, abwerabe, koma abwera pa ambulansi atagwa sitiroko, nkugona pabedi mwezi wathunthu, ndalama yake kuposa ya mapiritsi a zaka khumi. Bwanji osatilola tizilipira kandalama kodziwika pa mwezi, atipatse khadi, tizipita ku kiliniki matenda asanakule? VAT ya 15% timalipira kale tonse tikagula sopo ndi eyataimu, palibe amafunsa pasipoti pa tilu.

Azimayi mvetserani ichi, ndipo muuze anzanu. Mu April 2023 khoti lalikulu kuno ku Johannesburg, pa mlandu womwe bungwe la SECTION27 linatengera boma kukhoti, linagamula kuti amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana osakwana zaka 6 azithandizidwa ulere m'zipatala za boma posayang'ana dziko lomwe achokera kapena mapepala. Musachirire kunyumba chifukwa choopa bilu, chonde.

Koma pali china chomwe chandisowetsa tulo kuposa zonsezi, ndipo ichi ndi chathu chomwe, sitingaloze boma. Alamu ali m'chipatala ndinalemba pagulupu yathu ya anthu akwathu, tilimo opitirira 200, kuti m'bale wathu wadwala tithandizeni. Masiku anayi kunabwera R1,300, ndipo amene munaperekanu Mulungu akudalitseni. Gulupu yomweyo chaka chatha mnyamata wina atamwalira tinasonkha R28,000 m'masiku anayi omwewo kuti thupi lipite kumudzi, bokosi, mapepala, galimoto yodutsa Beitbridge ndi Mwanza, zonse zinatheka. Ndipo tinachita bwino, munthu ayenera kukagona kwawo. Koma mnyamata ameneyo anadwala chifuwa miyezi iwiri ali m'kachipinda kake akuopa mtengo wa chipatala, ndipo palibe anatolera olo R20 nthawi imeneyo, ineyo ndemwe ndinali m'gulu la osaperekawo.

Chipereganyu timachidziwa, banki mkhonde amayi athu akuyendetsa bwinobwino kumudzi popanda digiri. Nde ndikuti tiyeni tiyambe thumba la matenda. Anthu 200, aliyense R50 pa mwezi, ndi R10,000. Sizingalipire opaleshoni kupulayiveti, ndikudziwa, koma zilipira dokotala tsiku loyamba lija m'malo modikira kuti zivute, zilipira Uber ya usiku, mankhwala a ku famase, ndi lendi ya munthu amene wagona masabata atatu osagwira ntchito. Ndalama ikhale ku akaunti ya banki, osayinira atatu, wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, wina mayi, ndipo sitetimenti iziponyedwa pagulupu mwezi uliwonse aliyense aone, chifukwa tonse tikudziwa magulu amene anatha msungichuma atasowa. Pakhalenso anthu awiri atatu odziwa malamulowa oti aziperekeza wodwala pawindo paja.

Alamu anatuluka Lachitatu, akuyenda pang'onopang'ono atagwira pamimba, nyumba imodzi mwa zitatu zija yapeza kale munthu wina. Ku ofesi ya zolipira tinapita ndi kalata yochokera kwa mabwana awo yosonyeza zomwe amalandira, tinapempha kuti awaunikenso gulu lawo, yankho tikudikira, pakadali pano tagwirizana kuti tizipereka R300 pa mwezi ndipo lisiti iliyonse mchemwali wanga akusunga mu envulopu. Amene mukufuna za thumbali tikumana Lamulungu likubwerali 2 koloko masana, malo ndiponya pagulupu. Lanchi yatha, abwana akundiyang'ana pawindo, tionana gawo 15.