Kugona m'tenti pansi pa mitengo ngati ku France, koma osavutika ndi visa

(Kamera ikuonetsa tenti pansi pa mitengo ikuluikulu m'mamawa. Ketulo ikuwira pa kasitovu ka gasi.)

Moni nonse, abale anga a kuno ku Britain, ndi inu amene mukuonera muli kumudzi. Ndisanayambe, tamvetserani kaye.

(Chete kwa kanthawi. Kukumveka mbalame.)

Pano ndi ku New Forest, kum'mwera kwa England. Ndabwera dala kuti ndikuonetseni chinthu chimene ndinachifunafuna kwa zaka zingapo: kampu yokhala ndi mthunzi, yotakasuka, yofanana ndi zija za ku France, koma yoti munthu ungofika pa galimoto Lachisanu madzulo.

Ine ku France ndinapitako ndi mayi a kunyumba ndi ana. Titafika pa kampu, mayi wa pa ofesi anatipatsa kamapu n'kutilozera nambala yathu. Kufika pamalopo, tinapeza kabwalo kathukathu, kozunguliridwa ndi mpanda wa zitsamba zobiriwira zofika m'phewa, mtengo waukulu uli pakona. Galimoto inalowa, tenti inalowa, tebulo inalowa, malo n'kutsalabe oti ana azigubudukapo. Mayi a kunyumba anangokhala pansi n'kunena kuti, "Bambo a ana, apa ndiye ngati pakhomo pa agogo." Ankanena zoona. Kwathu timadziwa kukoma kwa mpanda wa udzu ndi mtengo wa mango pabwalo. Umamva mawu a neba, mumapatsana moni, koma ukamadya nsima sakuwerengera mbamu.

Malo oterewa Afalansa amawatcha emplacement, ndipo nthawi zambiri amakhala masikweya mita 80 mpaka 100. Yendani masitepe akuluakulu 10 kutsogolo, 10 kumbali, mwapeza kukula kwake. Dziko limeneli lili ndi makampu oposa 7,000, kuposa dziko lina lililonse ku Ulaya, ndipo amapatsidwa nyenyezi, kuyambira imodzi mpaka zisanu, monga mahotela. Ena ndi a khonsolo ya tauni, otchipa, m'mbali mwa mtsinje. Madzulo umalembetsa buledi wa mawa ku ofesi, m'mamawa mwana n'kuthamanga kukatenga baguette, buledi wautali wa Chifalansa, yotentha ataikolekera kukhwapa. Ikakwana 10 koloko usiku, kampu yonse zii.

Ndiye mufunsa kuti, bwanji osangobwererako? Kuchokera ku Dover kukafika ku Calais ndi ola limodzi ndi theka pa sitima ya pamadzi, ndipo kudutsa pansi pa nyanja kuchokera ku Folkestone ndi mphindi 35 zokha. Mtunda si vuto. Vuto lathu ndi pasipoti. Amene tili ndi pasipoti ya Malawi, Zambia kapena Zimbabwe timafunika visa ya Schengen, yolowera ku France ndi mayiko ena ambiri a ku Ulaya, ngakhale titakhala ndi chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale. Munthu wamkulu amalipira mayuro 90, mwana wa zaka 6 mpaka 11 mayuro 45, kuwonjezapo inshuwalansi, makalata a ku banki ndi kupempha tsiku kuntchito kuti ukajambulitse zala. Banja la anthu asanu, ndalama imatha musanagule n'komwe petulo. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Chaka chotsatira ulendo wa ku France uja ndinasungitsa malo pa kampu ina kuno ku England, chifukwa zithunzi zake pa intaneti zinali zokongola. Kufika, linali dambo lalikulu lopanda ngakhale kamtengo kamodzi, matenti ali ndondondo ngati msika wa kaunjika. Zingwe za tenti yathu zinapingasana ndi za neba. Usiku mphepo inkawomba nsalu kuti pha pha pha, mwana wamng'ono osagona. Zinandipweteka mtima, chifukwa ana ndinali nditawalonjeza zina.

Koma usiku umenewo ndi umene unandiphunzitsa. Ndinazindikira kuti chimene ndinkachisowa si dziko la France ayi. Ndinkasowa mtengo pamutu panga, mpanda pambali panga, ndi malo oti ndipume. Zinthu zimenezi kuno ziliko, kungoti suzipeza ukangodalira chithunzi choyamba. Makampu ambiri a kuno anayamba ngati minda ya alimi yodyetsera ziweto, n'chifukwa chake ali pambalambanda. Komanso Mngelezi dzuwa amachita kulisaka, pamene kum'mwera kwa France mthunzi ndiwo malonda enieni.

(Kamera itembenuke, ionetse mahatchi akudya udzu chapatali.)

Tiyambe ndi kuno. Nkhalango imeneyi anaipatula ndi mfumu ya England William the Conqueror cha m'ma 1079 kuti azisakamo nyama, ndipo mwini wakeyo anali wochokera ku Normandy, ku France komweko. Pafupi ndi tauni ya Brockenhurst pali kampu yotchedwa Hollands Wood, pansi pa mitengo ya oak. Ndimaikonda chifukwa sakupanikiza m'kabokosi: umayenda wekha pakati pa mitengo n'kusankha pamene pakukomera. Magetsi olumikiza ku tenti kulibe, choncho tchajani mafoni ndi nyali musanachoke kunyumba. Zimbudzi ndi mabafa zilipo. Langizo langa, pitani mkati ndithu, kutali ndi msewu waukulu wopita ku Lyndhurst, apo ayi mudzagona ndi phokoso la magalimoto. Amene mulibe galimoto, sitima yochokera ku London Waterloo imafika ku Brockenhurst pa ola limodzi ndi theka.

Mahatchi mukuwaonawo ali ndi eni ake, koma amayenda momasuka mpaka pakhomo pa tenti. Musawapatse chakudya, musawasisite. Kuyambira mu 2023 kuchita zimenezi ndi mlandu wolipitsa chindapusa, chimodzimodzi kukoleza moto kapena kuwotcha nyama m'tchiremu. Ndipo chakudya chanu chizikhala m'galimoto, chifukwa hatchi ikanunkhiza buledi imalowetsa mutu mu tenti. China, muudzu wautali muli nkhupakupa. Madzulo aliwonse yang'anani ana kuseri kwa mawondo, m'khosi ndi m'mutu, chifukwa zina zimafalitsa matenda a Lyme.

Amene munakonda mitsinje ya ku France ngati Dordogne, lozani ku chigwa cha mtsinje wa Wye, kumalire a England ndi Wales. Pa Symonds Yat pali obwereketsa mabwato opalasa, madzi akuyenda mofatsa pakati pa matanthwe ndi nkhalango. Chapafupi, mu Forest of Dean, pali kampu ya Bracelands. Nkhalango imeneyo ili ndi nguluwe, ndipo mudzaona pamene zafukula kapinga usiku. Mukakwera pang'ono kulowa Herefordshire, ndi minda ya maapozi yokhayokha, ndipo alimi ena amalola matenti pakati pa mizere ya mitengo. Ndi mmenenso kumaonekera ku Normandy.

Ku Kent ndi Sussex kuli minda ya mphesa pa dothi loyera la choko, lofanana ndi la ku Champagne, chigawo cha mphesa cha ku France, moti kampani ya ku France ya Taittinger inagula malo pafupi ndi Chilham mu 2015 n'kubzalapo mphesa. Ku Cornwall nako kuli pachibale ndi Brittany, chigawo cha ku France, koma kumeneko mphepo ya kunyanja ndi yambiri, mitengo ndi yochepa, ndiye ine sindikuikani patsogolo pa nkhani ya mthunzi.

Tsopano malo amene amandifika pamtima ndi chilumba cha Jersey. Chili makilomita 22 okha kuchokera kugombe la Normandy, moti kukacha bwino, ukaima cha ku Rozel, France umamuona ndi maso. Mayina a misewu ndi a Chifalansa, La Rue iyi, Le Mont uyo, timisewu tating'ono ta mipanda yobiriwira, tina toletsa kuthamanga kupitirira mamailosi 15 pa ola. Koma ndalama ndi paundi, ndipo chilumbachi chili mu Common Travel Area, mgwirizano wa kayendedwe ka anthu pakati pa UK, Ireland ndi zilumba zapafupi, kunja kwa Schengen. Amene muli ndi chilolezo chokhala kuno, werengani malamulo olowera pa tsamba la boma la Jersey musanagule tikiti, ndipo pasipoti musaisiye. Sitima za pamadzi zimanyamuka ku Poole ndi ku Portsmouth. Ngati mukukoka kalavani, pamafunika chilolezo chapadera, chimene eni kampu amakuthandizani kupeza.

(Kamera ionetse foni ili m'manja, mapu atatsegulidwa.)

Apa ndiye pagona nkhani, chifukwa mayina ndatchulawa akhoza kudzaza, koma luso losankha lidzakuthandizani kulikonse. Musanalipire, tsegulani Google Maps, ikani chithunzi cha m'mwamba chija, kenako yandikitsani. Onani apa. Iyi ili ndi mitengo m'mphepete mokha, pakati pali mbee. Imeneyi ndi dambo. Tsopano onani iyi: timizere tobiriwira tagawa malo ngati ndime za m'munda, mitengo ili apo ndi apo pakati. Imeneyi ndi yathu. Chithunzi cha pa tsamba la kampu amachijambula pakona yokongola, koma cha m'mwamba sichinama.

Posaka pa Pitchup, tsamba la pa intaneti losungitsirapo malo pa makampu, kapena kwina kulikonse, lembani mawu akuti hedged pitches, malo a mpanda wa zitsamba, kapena woodland, m'nkhalango. Mukaona hardstanding, dziwani kuti pansi ndi pa miyala, zikhomo za tenti sizilowa.

Mukatero, imbani foni. Safunsa anadya phula. Funsani kuti malo amodzi ndi mamita angati uku ndi uku. Funsani ngati galimoto imakhala pambali pa tenti kapena kutali. Funsani nambala ya malo amene ali pansi pa mtengo, ndipo pemphani kuti akusungireni omwewo. Nthawi zambiri amene amayankha foni ndi mwini wake, ndipo akamva kuti mukudziwa chimene mukufuna, amakuuzani chilungamo.

Pali njira inanso imene ambiri mwa ife sitiidziwa. Mabungwe awiri akale, Camping and Caravanning Club la mu 1901 ndi Caravan and Motorhome Club la mu 1907, ali ndi timakampu ting'onoting'ono pa mafamu ndi kuseri kwa nyumba za anthu, tolandira makalavani asanu okha. Ta bungwe loyambalo timalandiranso matenti mpaka 10. Muyenera kukhala membala, koma taganizani, munda wonse mabanja owerengeka. Pa makampu awo amasunganso lamulo la mamita 6 pakati pa inu ndi neba, poopa moto.

Za nyengo, dzuwa la ku France sindingakulonjezeni. Ine ndimasankha Juni kapena kumayambiriro kwa Seputembala. Mu Juni kumada itadutsa 9 koloko usiku, ndipo anthu sanachuluke, pamene kuyambira kumapeto kwa Julayi mpaka Ogasiti yense sukulu zimakhala zatsekera ndipo ndalama zolipira malo zimakwera. Pansi pa mtengo mvula ikatha kumadonthabe, choncho tenti muimike chapambali pang'ono, ndipo yang'anani m'mwamba kaye ngati kulibe nthambi youma.

Chimodzi ndikupempheni ndi mtima wonse. Usiku kukazizira, musalowetse mbaula kapena makala mu tenti, ngakhale akuoneka ngati azima. Mpweya wake sununkha, ndipo umapha munthu ali m'tulo. Bulangete lina ndi botolo la madzi otentha n'zokwanira.

Buledi wa m'mamawa uja, ife tinaupezera njira yathu. Mwana wamkulu amapalasa njinga kupita ku Brockenhurst, n'kubwera nawo udakali wofunda. Madzulo mayi a kunyumba amatulutsa ufa ndi mthiko, mphika n'kukhala pa kasitovu aka.

(Ketulo ikulira. Kukumveka belu la njinga.)

Ameneyo wafika. Mwanawe, bwera nawo kuno, tiyi wapsa.