Golide wosaoneka: mwala wotuwa wa ku Nevada

Takulandirani nonse! Lero tikukamba za golide wopezeka m'miyala imene inayamba ngati matope, mchenga ndi nsangalabwi pansi pa madzi. Zoyambirirazi tithamanga nazo, chifukwa nkhani yondipsetsa mtima ili kutsogoloku.

Choyamba, kulemera. Golide amalemera kuwirikiza ka 19 poyerekeza ndi madzi. Mtsinje ukamukokolola kuphiri, amakhazikika pamene madzi afooka, pakati pa nsangalabwi. Zaka mamiliyoni zikadutsa, zonsezo zimagwirana n'kukhala thanthwe. Basi, tapita.

Chachiwiri, ku Joni. Miyala ya Witwatersrand ili ndi zaka pafupifupi mabiliyoni 3, ndipo golide wake anapezeka mu 1886 pa famu ya Langlaagte. Ali m'mizere yopyapyala ya nsangalabwi zogwirana, ina yosakwana ndi chikhatho chomwe. Agogo athu opita pa Wenela ankakwawa kulondola mizere imeneyi, ndipo mgodi wa Mponeng wafika pafupifupi makilomita 4 pansi. Akatswiri akukanganabe ngati golideyo anabwera ndi mitsinje yokha kapena madzi otentha anamusunthanso pambuyo pake. Ngati agogo anu anagwirako kumeneko, tiuzeni dzina la mgodi pansipa. Ndipo dinani subscribe, musaiwale kabelu.

Chachitatu, bodza lija. Anthu amati mwala wosanyezimira mulibe golide. Ayi ndithu! Mverani za ku Carlin, ku Nevada, m'dziko la America. Kwa zaka zambiri osaka golide ankadutsa pamapiri amenewo, kusungula mchenga m'mabeseni, osazindikira chimene akuponda. Mwala wake ndi wa laimu wosakanikirana ndi dothi, wotuwa, woti simungautole n'komwe. Mu 1961 John Livermore ndi Alan Coope a kampani ya Newmont anayamba kuyeza miyalayo, ndipo mu 1965 mgodi unatsegulidwa.

Nanga golide analowamo bwanji? Apa mumvetsere bwino, inu amene mukuonera uku mukuphika. Mwalawo unapangika pansi pa nyanja zaka pafupifupi mamiliyoni 400 zapitazo, wopanda chuma chimenechi. Golide anafika mochedwa kwambiri, zaka ngati mamiliyoni 40 zapitazo, atasungunuka m'madzi otentha okhala ndi sulufule amene ankakwera m'ming'alu. Madziwo anadya laimu, mwala n'kusanduka ngati chinkhupule. Kenako sulufule anagwirana ndi chitsulo cha m'mwalamo n'kupanga pyrite, mwala uja wooneka ngati golide. Sulufule atachoka m'madzi, golide analibenso chomunyamula, choncho anatsakamira m'makoko a timibulu ta pyrite, timadontho tosaoneka ngakhale ndi galasi lokuzira wamba.

Mwamva? Pyrite yemweyo, amene timamunyoza kuti ndi golide wabodza! Komatu musathamangire kudzaza matumba. Pyrite wambiri alibe kanthu, ndipo diso silingasiyanitse. Amene akukugulitsani mwala chifukwa choti ukunyezimira akukuberani. Yankho limachokera ku labotale, kumene amapera mwala, kuusungunula pamoto, n'kukuuzani magalamu a golide pa tani imodzi. Beseni la ku Makanjira limagwira golide wa m'mchenga, koma mwala wa Carlin mutaupera n'kuusungula tsiku lonse mungabwerere chimanjamanja.

Chachinayi, miyala yakuda ya matope, monga ya ku Muruntau ku Uzbekistan. Nthawi yatithera, imeneyo ndi vidiyo ya sabata yamawa. Tumizirani mnzanu wokumba golide vidiyoyi pa WhatsApp.