Gemu Yakana Kulowa pa Khirisimasi? Musathamangire Kufufuta PlayStation Yanu

Muli bwanji anthu anga! Lero ndili pano pa Chitakale. Phiri labisala m'mitambo, ndiye mukamva mvula ikugogoda pamalata musadabwe, Disembala wafika. Dinani subscribe ndi kabelu kaja tisanayambe, sizilipitsa.

Pa 25 Disembala 2014, ana padziko lonse anamasula mabokosi a PlayStation 4 ndi Xbox One atsopano, kulumikiza pa intaneti, zii. PlayStation Network ndi Xbox Live zonse zinali zitagwa. Gulu lodzitcha Lizard Squad linati ndife. Xbox inadzuka msanga, koma ya Sony inatenga masiku angapo. Tiyeni tione chinachitika n'chiyani.

Choyamba, chiwembuchi amachitcha DDoS. Makina masauzande amatumiza mauthenga kwa seva imodzi, kompyuta yaikulu imene gemu yanu imalumikizako, nthawi imodzi mpaka sevayo kubanika. Basi, tapita.

Chachiwiri, bwanji pa holide? Ana atsekera sukulu, makina atsopano onse akufuna update, ogwira ntchito kumakampaniwo ambiri ali kwawo. Seva yalemedwa kale, kungoikankha pang'ono yagwa. Komanso anyamatawa amafuna dzina, ndipo palibe tsiku lina limene angalize anthu ambiri chonchi.

Chachitatu. Apa ndiye pondinyansa, khalani pansi. Gemu ikangokana, pa WhatsApp pamadzaza mauthenga: atihaka, aba password, achotsa ndalama pakhadi, fufutani zonse! Abale anga, DDoS si kuba. Taganizani golosale ya pa Limbuli tsiku la msika. Lole yatsitsa chinamtindi cha anthu, onse alowa, aliyense akufunsa mtengo wa shuga, palibe akugula, palibe akutuluka. Inu mwabwera ndi ndalama zanu koma pakauntala simufika. Kodi ndalama za mwini golosale zabedwa? Ayi. Zili m'kabati momwemo. Chatsekeka ndi khomo.

Kuba kwenikweni kunachitika mu Epulo 2011, pamene akathyali analowadi mu PlayStation Network n'kutenga zambiri za maakaunti okwana 77 miliyoni, ndipo Sony inatseka netiweki masiku 23. Ameneyo ndiye wothyola zenera usiku. Wa 2014 uja anangounjika anthu pakhomo. Kusiyana.

Ndikulimbikira chifukwa chaka chatha mnyamata wina amene amabwera kudzasewera mpira pashopu yanga anamva mphekesera zotere, anathamangira kunyumba n'kufufuta PS4 ya achimwene ake yonse. Timu imene anaimanga miyezi ingapo, yapita. Gemu kuikoperanso, bandulo ya mwezi wonse inatha tsiku limodzi isanafike ndi theka lomwe. Anabwera maso ali gwa, akuti bwana ndithandizeni. Ndimuthandize chiyani? Madzulo omwewo gemu inabwerera yokha kwa wina aliyense.

Ndiye a Lizard Squad aja musamawatame kuti ndi akatswiri oopsa. Khirisimasi ija itangodutsa, Lizard Squad inayamba kubwereketsa chida chawocho, Lizard Stresser, kwa aliyense wolipira. Mtolankhani Brian Krebs atafufuza anapeza kuti mphamvu yake inkachokera ku ma router a m'nyumba za anthu wamba, amene eni ake sanasinthe password yochokera ku fakitale. Zija za admin, admin. Ndipo mukudziwa chimene chinawatonthoza? Kim Dotcom, amene anayambitsa Mega, kampani yosungira mafayilo pa intaneti, anawapatsa ma voucher aulere a kampani yake kuti asiye, chifukwa naye ankafuna kusewera. Ngati kunyengerera mwana ndi chinanazi.

Wina ati, nanga za Steam, sitolo ija ya magemu a pakompyuta? Eya, ndikudziwa. Pa Khirisimasi ya 2015 Steam inamenyedwa ndi DDoS, ndipo pofuna kudziteteza panalakwika zina, anthu pafupifupi 34,000 zambiri zawo zinaonekera kwa ena. Koma olakwitsa anali alonda a pakhomo pothamangitsa chigulu chija. Kufufuta makina anu sikukanathandiza kalikonse.

Mwafika pano simunapange like? Aaa, musatero.

Chachinayi, chochita. Onani tsamba la status la PlayStation kapena la Xbox pafoni. Ngati YouTube ikuyenda koma gemu yokha ndiyo yakana, bandulo yanu ilibe mlandu, musatukwane ogulitsa mayunitsi. Itanani mnzanu, tengani mapadi awiri, sewerani offline ngati kale. Amene muli ndi router kapena ka MiFi, sinthani password yochokera ku fakitale lero lomwe.

Chachisanu, cha inu mafana amene mumafuna kugwetsa mnzanu pa gemu chifukwa wakuchinyani 5 kwa 0. Austin Thompson wa ku America, amene anagwetsa maseva a magemu pakati pa Disembala 2013 ndi Januwale 2014, mu 2019 analamulidwa kukakhala kundende miyezi 27. Kunonso lamulo lilipo, Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016.

Sabata yamawa ndikuonetsani momwe mungachotsere fumbi mu PS4 yolira ngati chigayo. A ku Luchenza amene munandipempha, vidiyo imeneyo ndi yanu. Mvula yakula, mawu sakumvekanso, ndazimitsa.