Makalata a omvera: Kodi filimu ya Hana-bi ndi magazi okhaokha?

Moni nonse amene mwatchera khutu. Kalata yoyamba yachokera kwa bambo ena a ku Kasungu, ndipo akuti:

"Achimwene, mwana wanga wa ku koleji anandionetsa filimu ya ku Japan yotchedwa Hana-bi. Nditangoona munthu akubaya mnzake m'diso ndi timitengo todyera, ndinazimitsa. Iye akuti inalandira mphoto yaikulu ku Ulaya. Anthu ophunzira angayamikire bwanji nkhanza zotere?"

Zikomo bambo. Mwana wanu sakunama. Mu 1997 filimuyi inapata mphoto ya Golden Lion ku Venice, m'dziko la Italy. Anailemba ndi kuitsogolera ndi Takeshi Kitano, yemwenso akusewera ngati wapolisi Nishi. Kwawo anthu ankamudziwa ngati wanthabwala wa pa TV, moti filimu yake ya mu 1993, Sonatine, sinayende malonda ku Japan pamene ku Ulaya ankaiyamikira.

Nkhanza zilimodi, sindikubisirani. Koma munazimitsa musanafike pamtima pa nkhani. Mkazi wa Nishi akudwala khansa ya m'magazi, mwana wawo anamwalira, ndipo wapolisi mnzake Horibe anawomberedwa n'kulumala miyendo. Nishi akongola ndalama kwa zigawenga za yakuza, kenako apenta takisi kuti ioneke ngati galimoto ya apolisi n'kukaba kubanki. Ndalamazo agulira Horibe zojambulira, athandiza mkazi wamasiye wa mnzake wina, zotsalazo atengera mkazi wake paulendo womaliza.

Pali malo amene sindiwaiwala. Mkazi wa Nishi wagwada m'mbali mwa nyanja akuthirira maluwa ofota kale. Munthu wina ayamba kumuseka, ndipo Nishi amumenya modetsa nkhawa. Ukaona pamenepo umamva chisoni ndi mantha nthawi imodzi, chifukwa dzanja lomwe likusamala wodwala ndi lomwenso likuvulaza. Akatswiri anayamikira zimenezi, komanso bata lake: mwamuna ndi mkazi amakhala limodzi osalankhulana, koma umaona kuti amakondana. Zithunzi zimene Horibe amajambula anazijambula ndi Kitano mwini, atapulumuka ngozi ya njinga yamoto mu 1994.

Ndiye bambo, ana aang'ono asaione ayi. Koma inu ndi mnyamata wanuyo khalani pansi muimalize, mudzandilemberenso.

Kalata ina yachokera kwa achemwali a ku Ndirande: "Ndinaikonda Hana-bi. Nanga Outrage ndi yofanana nayo?"

Ayi achemwali. Outrage ya mu 2010 ndi ya Kitano yemweyo, koma muli mabwana a yakuza okhaokha akuperekana ndi kuphana polimbirana maudindo. Itaonetsedwa pa chionetsero cha mafilimu ku Cannes, m'dziko la France, akatswiri anagawanika: ena anasangalala kuti wabwerera ku nkhani za zigawenga, ena anati chifundo chija chasowamo. Ine ndili mbali ya achiwiriwa. Muli malo amene munthu amamuzunza ndi makina a dokotala wa mano, ndipo ine ndinayang'ana kumbali mpaka atadutsa.