Mankhwala, sayansi ndi luso pansi pa denga limodzi

Zikomo a mfumu, mashehe, abusa, amayi ndi abambo nonse. Inu muli kumbuyoko, senderani kuno kumthunzi.

Ku London, pamsewu wa Euston Road, kuli nyumba yosungiramo zinthu zakale yotchedwa Wellcome Collection. Anaitsegula mu 2007 ndipo kulowamo ndi ulere. Dzinali si lachilendo kwenikweni, chifukwa bungwe lomwe ndi mwini nyumbayi, la Wellcome Trust, limathandiza kafukufuku wa malungo kuchipatala cha Gulupu ku Blantyre.

Mwini dzinali, Henry Wellcome, anali mkulu wa kampani yopanga mankhwala, wobadwira ku America, ndipo anamwalira mu 1936. Chuma chake ankagulira chilichonse chokhudza thupi la munthu: mipeni ya madokotala akale, miyendo yosema ya anthu odulidwa mwendo, zithumwa, ziboliboli, ngakhale mswachi wa Napoleon, mfumu yakale ya ku France.

Ine chimene chinandigwira mtima m'menemo ndi zojambula. Kale kunalibe makamera. Dokotala akatumbula thupi, pambali pake pankakhala wojambula, kulemba mtsempha uliwonse ndi dzanja, umodziumodzi, kuti wophunzira wakutali aone. Popanda waluso uja, nzeru ya dokotala bwenzi ikuthera m'mutu mwake.

Tsono tiyeni tibwere kwathu kuno kunyanja. Likodzo tonse tikulidziwa. Nyongolotsi yake anaiona koyamba dokotala wa ku Germany, Theodor Bilharz, ku Cairo mu 1851. Koma ndani mwa ife anaonapo mmene imayendera? Wodwala akakodzera m'madzi, mazira amaswa. Tizilombo timalowa m'nkhono zija zokonda m'mabango, timachulukana m'menemo, kenako timatuluka n'kuboola khungu la mwana amene akusambira, kapena la mayi amene akutsuka mbale padooko. Saona kanthu, samva kanthu. Patapita nthawi mwana ayamba kukodza magazi, ena n'kumati wakula. Sanakule ayi, akudwala, ndipo mankhwala ake, praziquantel, alipo.

Zimenezi ndikhoza kuzinena mpaka dzuwa kulowa, mawa mwaiwala. Koma mnyamata wodziwa kulemba mayina pamaboti atajambula ulendo wonsewu pakhoma la sukulu, nkhono apa, mwana apa, ngakhale gogo wosadziwa kuwerenga angaime n'kuloza. Amayi a nyimbo atapekapo nyimbo, ingafike kumene ife a zaumoyo sitifika.

Pali china chimene sindingachibise. Mu 2022 eni nyumba ya ku London ija anatseka chipinda chawo chotchedwa Medicine Man, atavomereza kuti chinkaonetsa katundu wa anthu a kuno ku Africa ndi kwina popanda mawu a eni ake. Anachita bwino. Chithumwa cha agogo a munthu sichiyenera kukhala m'galasi ngati chopanda mwini. Zathu tizifotokoze tokha, m'Chichewa ndi m'Chiyao.

Paboma pompa pa Mangochi, pafupi ndi wotchi ija ya Queen Victoria, tili ndi Lake Malawi Museum. Aphunzitsi, tengani ana akaone. Ndipo a komiti ya zaumoyo, tisanabalalike, lembani mayina a achinyamata odziwa kujambula. Khoma a hedi atipatsa kale, chatsala ndi penti.