Kathumba ka ndulu ndi timiyala take

Zikomo amayi ndi abambo, akuluakulu nonse. Kumbuyoko mukundimva? Chabwino.

Amene munatumbulapo nkhuku mukukadziwa kathumba kobiriwira komata pachiwindi, kaja timakachotsa mosamala poopa kuti kakaphulika nyama yonse iwawa. Nafenso tili nako. Ikani dzanja pansi pa nthiti za kumanja. Agogo, kwezani pang'ono, eya, pomwepo. Chiwindi chili pamenepo, ndipo kunsi kwake kwabisala kathumba ka ndulu, kotalika masentimita 7 mpaka 10.

Ambirife timayesa kuti kathumbaka ndiko kamapanga ndulu. Ayi. Ndulu imapangidwa ndi chiwindi, usana ndi usiku, pafupifupi theka la lita kapena kuposerapo pa tsiku. Kathumbaka ndi nkhokwe chabe, yaing'ononso, yongolowa mamililita ngati 50. Ndiye kamayamwa madzi a m'ndulumo, n'kutsala ndulu yochepa koma yamphamvu, kudikira chakudya.

Mukadya zamafuta, zikangofika kumayambiriro kwa matumbo ang'ono, matumbowo amatulutsa homoni yotchedwa cholecystokinin. Dzinalo lisakuvuteni, ntchito yake n'kuuza kathumba kuti kadzifinye. Ndulu imatsika m'kanjira kopyapyala n'kukakumana ndi chakudyacho. Amayi, mbale yamafuta mungaiyeretse ndi madzi okha? Pamafunika sopo. Ndulu ndiyo sopo wa m'matumbo, imamwaza mafuta kukhala timadontho kuti agayike, ndipo mavitamini A, D, E ndi K amalowa m'thupi limodzi ndi mafutawo.

Ndulu imatayanso zinyalala. Maselo ofiira a magazi amakhala masiku ngati 120, ndipo akatha, utoto wachikasu wotsalira umatulukira m'ndulu. Ndiwo umapatsa chimbudzi mtundu wake. Pepani kutchula zimenezi pamaso pa akulu, koma tizifunanso posachedwapa.

Vuto limayamba ndulu ikachuluka kolesterolo (mtundu wina wa mafuta a m'thupi), kapena ikakhalitsa m'kathumba osatuluka. Imaundana n'kusanduka timiyala, tina ngati mchenga, tina pafupifupi ngati dzira. Timapezeka kwambiri mwa amayi, makamaka amene anaberekapo kangapo, mwa anthu opitirira zaka 40, onenepa kwambiri, ndi a matenda a sickle cell. Ndipo inu oonda mothamanga podzimana chakudya, tcherani khutu: kathumba kosafinyidwa masiku ambiri ndiko kamaumba miyala.

Ambiri amene ali ndi timiyalati sadziwa n'komwe, ndipo madokotala kawirikawiri satikhudza ngati tili chete. Koma kamwala kakatseka potulukira, kathumba kamafinya pakhomo potseka. Ululu wake ndi wolasa, kumtunda kwa mimba chakumanja kapena pachifu, nthawi zina kufika kumsana ndi paphewa lamanja. Umakonda kubwera munthu atadya zonona, makamaka usiku, n'kukhala theka la ola mpaka maola angapo, pena ndi kusanza. Apa m'pamene ambiri amasochera. Amati ndi zilonda za m'mimba, n'kumamwa mankhwala a asidi miyezi ndi miyezi, chonsecho sikani ya ultrasound, yomwe ija amaonera mwana m'mimba, imaonetsa timiyalati popanda kubaya kapena kucheka.

Ululu ukapitirira maola angapo osaleka, thupi n'kutentha kapena kunjenjemera, maso n'kuchita chikasu, mkodzo n'kudera, chimbudzi n'kutuwa, musadikire kuche. Kathumba katupa, kapena mwala watseka njira yaikulu ya ndulu, ndipo matenda angalowe m'magazi.

Bambo apo mwafunsa zomwa mafuta osakaniza ndi madzi a mandimu kuti miyala ituluke. Ine sindikulimbikitsani. Timibulu tobiriwira timene anthu amationa m'chimbudzi mawa lake ndi mafuta omwewo amene aundana m'matumbo. Miyala yeniyeni imakhala ili pomwe inali, ndipo mafuta ochuluka chonchowo angadzutse ululu.

Timiyala tikamavutitsa, madokotala amachotsa kathumba konse, chifukwa kakasiyidwa kamaumbanso tina. Dokotala Carl Langenbuch ndiye anayamba opaleshoniyi ku Berlin mu 1882, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1980 imachitikanso kudzera m'timabowo tating'ono, pogwiritsa ntchito kakamera. Ndikuona nkhope zachita tsinya: munthu n'kukhala wopanda ndulu? Kumbukirani poyamba paja. Chochotsedwa ndi nkhokwe, chiwindi chimapitiriza ntchito, ndipo ndulu imangodonthera m'matumbo pang'onopang'ono. Hatchi ndi khoswe amabadwa opanda kathumbaka. Ena amatsegula m'mimba masabata oyambirira, makamaka akadya zonona zambiri nthawi imodzi, ndiye timati idyani pang'ono koma pafupipafupi mpaka matumbo azolowere.

Mayi kumbuyoko mwakweza dzanja kalekale, funsani.