Makalata a Omvera: Atilemba Kale, Nanga Zolembazo Zimapita Kuti?

Moni omvera athu nonse, kuchokera ku Makanjira mpaka ku Monkey Bay, ku Namwera, kwa Chimwala ndi pano pa Mangochi Boma. Sabata yatha tinakamba za mizinda imene imagwirizana posonkhanitsa ziwerengero za dera lililonse la mumzinda palokhapalokha, n'cholinga choti chitukuko chizigawidwa mwachilungamo. Makalata afika, ndipo tiyamba ndi ya mayi wina wa ku Mpondasi amene amagulitsa usipa pamsika. Iwo alemba motere:

"Anthu a mabungwe amabwera pakhomo panga atanyamula mafoni akuluakulu, n'kumandifunsa kuti m'nyumba timagonamo anthu angati, madzi timatunga kuti, ndiponso ngati tili ndi chimbudzi. Ine ndimasiya ntchito zanga n'kuwayankha zonse, ndipo ena anachita kulemba nambala ndi choko pachitseko changa. Akachoka sabweranso, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anadzatiuza zimene anapeza. Ine ndikuona kuti imeneyi ndi njira yodyera alawansi basi. Kodi ndikulakwa?"

Mayi, simukulakwa kudandaula, ndipo mgwirizano umene tinautchula uja unayamba chifukwa cha vuto lofanana ndi lanuli. M'chaka cha 1996, bungwe lofufuza la Urban Institute, la mumzinda wa Washington ku America, linagwirizana ndi mabungwe a m'mizinda ngati Boston, Cleveland, Denver ndi Atlanta n'kukhazikitsa National Neighborhood Indicators Partnership, ndipo lero muli mizinda yoposa 30. Mumzinda uliwonse muli bungwe, nthawi zina la payunivesite, limene limatenga zolembedwa zomwe zili kale m'maofesi, monga za ana obadwa, za milandu yofika kupolisi, za ana a sukulu ndi za nyumba zogulitsidwa, n'kuzisanja malinga ndi dera, kenako n'kuzipereka kwa anthu okhala m'deralo kuti azigwiritsa ntchito pokambirana ndi akuluakulu a mzinda. Taonani kuti ntchito yawo yaikulu si kugogoda m'makomo, koma kubweza kwa eniake zimene zinalembedwa kale.

Kwathu kuno zolembedwa zotere zilipo zambiri. Alangizi a zaumoyo amadziwa mabanja a m'midzi imene amayendera, aphunzitsi amaitana mayina tsiku lililonse, zipatala zazing'ono zimalemba odwala ndi kumene achokera, ndipo mafumu amadziwa anthu awo. Vuto ndi lakuti ziwerengero zimenezi zimayenda njira imodzi yokha, kuchoka kumudzi kupita ku Boma, kuchoka ku Boma kupita ku Lilongwe, ndipo si kawirikawiri kuziona zikubwerera. Komabe njira ina ilipo, ndipo yayesedwa m'dziko mwathu momwe muno. Bungwe la CCODE, mogwirizana ndi magulu a anthu osauka a m'matauni amene ali pansi pa Slum Dwellers International, lakhala likuthandiza anthu a m'madera ngati Mtandire ku Lilongwe kuti aziwerenga okha nyumba, zimbudzi ndi malo otungapo madzi, n'kujambula mapu a dera lawo. Anthu akapita ku khonsolo atanyamula mapu amene ajambula okha, zimavuta kuwauza kuti vuto lawo ndi laling'ono.

Choncho mayi, akadzabweranso a mafoni aja, muli ndi ufulu wowafunsa kuti awatuma ndani, ndiponso kuti zotsatira zake zidzafika liti ku komiti ya chitukuko ya kwanuko. Ngati zolembazo zili m'manja mwa ofesi ya boma, lamulo lopatsa anthu mwayi wopeza nkhani, limene linayamba kugwira ntchito mu Seputembala 2020, likukulolani kuzipempha, ndipo ndi bwino kuti pempholo lilembedwe pakalata kudzera mwa komiti kapena khansala wanu.

Kalata yachiwiri yachokera kwa bambo wina amene ndi mphunzitsi ku Namwera. Iwo akuti: "Dziko lino lili ndi ofesi yoona za kalembera ku Zomba, ndipo inawerenga anthu onse mu 2018. Nanga tikufuniranji ziwerengero zina? Kodi kumeneku si kuwononga ndalama pa ntchito yochitika kale?"

Aphunzitsi, kalembera ndi maziko, ndipo palibe amene akunena kuti atayidwe. Ndi kalembera wa 2018 amene anatiuza kuti m'Malawi munali anthu pafupifupi 17.5 miliyoni, ndipo m'boma la Mangochi munali anthu oposa 1.1 miliyoni. Koma kalembera amachitika kamodzi pa zaka 10, pamene mjigo ukhoza kuwonongeka mwezi uno, ndipo padoko pakhoza kudzadza asodzi ochokera kwina m'nyengo imodzi yokha. Chachiwiri, chiwerengero cha boma lonse chimabisa zambiri. Munthu wina akadya chambo ziwiri, mnzake n'kugona ndi njala, wowerengetsa mophatikiza adzalemba kuti aliyense wadya chambo chimodzi. Ndi mmene zimakhalira tikaphatikiza munthu wa pa Boma, amene chipatala chachikulu ali nacho pafupi, ndi munthu wa ku Makanjira amene ayenera kuyenda ulendo wautali kuti afike pamalo omwewo.

Chitsanzo chakale chimene a zaumoyo amachikonda ndi cha dokotala John Snow wa ku London. Mu 1854 kolera atabuka m'dera la Soho, iye analemba pamapu nyumba iliyonse imene munachitika maliro, ndipo zinaoneka kuti ambiri mwa omwalirawo ankamwa madzi a pamjigo umodzi wa mumsewu wa Broad Street. Akuluakulu anachotsa chogwirira cha mjigowo. Chiwerengero cha London yonse sichikanaloza mjigo umenewo. Ife a ku Mangochi, amene tinavutika kwambiri ndi kolera wa 2022 ndi 2023, tikudziwa kuti matendawa sanagwe mofanana paliponse, ndipo funso lakuti ndi madoko ati komanso midzi iti imene ilibe zimbudzi ndi madzi abwino liyenera kuyankhidwa mvula isanayambe.

Mwina mungafunsenso kuti kugwirizana ndi matauni ena kukubwera bwanji pamenepa. Nkhani yake yagona pa muyeso. Ngati ku Mangochi tikulemba kuti mudzi uli ndi madzi chifukwa chakuti pali mjigo, pamene ku Salima kapena ku Liwonde akuwerenga mjigo wokhawo umene ukutulutsa madzi, ziwerengero zathu sizingayerekezedwe, ndipo amene analemba zoona ndi amene adzaoneke ngati wolephera. Makhonsolo akagwirizana pa mafunso ofanana, amene wapeza njira yabwino yochotsera zinyalala pamsika kapena yosamalira ngalande amaonekera, ndipo anzake amatha kukaphunzira kwa iye. Makhonsolo athu ali kale ndi bungwe lawo la MALGA, ndipo m'maganizo anga kumeneko ndi kumene kukambirana kotere kukanayambira.

Kalata yomaliza ndi yaifupi, ndipo yachokera kwa mnyamata wa kabaza wa kutsidya kwa mlatho, kwa M'baluku. Iye akuti: "Ine ndili ndi mantha. Akalemba pamapu kuti dera lathu ndi la anthu osauka, kapena kuti nyumba zathu zilibe mapepala, kodi mapu omwewo sadzagwiritsidwa ntchito potigwetsera nyumba?"

Achimwene, mantha anuwa ali ndi maziko, ndipo sindikufuna kuwapeputsa. Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1930, bungwe la boma la Home Owners' Loan Corporation linajambula mapu a mizinda yambiri, ndipo madera amene linkawaona kuti ndi oopsa pa nkhani ya ngongole, ambiri mwa iwo okhala anthu akuda, linawapaka utoto wofiira. Kwa zaka zambiri anthu a m'madera otere ankavutika kupeza ngongole zogulira kapena kukonzera nyumba, ndipo umphawi umene mapuwo ananena unakhazikika. Ndiye chifukwa chake zimatengera kuti mapu ali m'manja mwa ndani. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la 2024, koma lamulo palokha silikwanira ngati eni dera sanaikepo malire awo. Musanavomere kulembedwa, pemphani kuti pachitike msonkhano wa anthu onse pamaso pa amfumu ndi khansala, pamene zidzanenedwe poyera kuti cholinga chake n'chiyani. Gwirizanani kuti zotuluka kunja zikhale ziwerengero za dera, osati mayina a anthu kapena chizindikiro cha nyumba ya munthu, ndiponso kuti achinyamata a kwanu komweko akhale m'gulu la olemba, n'kusunga kope lawo la zonse zimene zalembedwa.

Nthawi yatithera. Makalata amene afika okhudza kaundula wa olandira Mtukula Pakhomo tidzawerenga sabata yamawa.